Masamba a pa Mtsetse wa ku Damu

A Fabiano Ngozo anasiya kalekale kukhulupirira munthu amene akupuma. Ku Joni, m'migodi momwe anasiya unyamata wawo ndi theka la chifuwa, anaphunzira kuti mwala umene umaphwanya munthu ndi womwe kapitawo wangonena kumene kuti ndi wolimba. Ndiye mwana wawo Zelesi atawapeza m'munda wa mbatatesi, chitenje chili pakamwa, akulira kuti apolisi atsekera Duncan pomusemera chinyau, mkuluyo sanafulumire kutula khasu.

"Wakuuza ndani kuti akumusemera?"

"Ababa! Si mdzukulu wanu ameneyu?"

"Ndi wanga, inde. N'chifukwa chake ndikufunsa."

Nkhani yake inali yotere. Anyamata a kalabu ya njinga ankakonzekera mpikisano wa Loweruka, umene unkabweretsa opalasa a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Njira yake inali yoti munthu wanzeru sangaisankhe: kuchoka pamsewu waukulu, kukwera mapiri audzu okhaokha komwe mphepo imadula makutu, kutsetsereka mpaka kudamu, kuzungulira madziwo, n'kubwerera cha ku Mlangeni. Kalabuyo inali ndi njinga imodzi yokha yampikisano, yoyera, yopepuka ngati nsungwi youma. Inali mphatso ya dokotala wina amene anabwerera kwawo kunja, ndipo anasiya mawu akuti mnyamata wa kuno amene adzatsogole anzake pa mpikisanowo adzaitenge ikhale yake.

Dzulo lake m'mawa anyamatawo anapita kukayesa njirayo. Njinga yoyerayo anapatsidwa Mfundo, mwana wa a Sellina a kutsidya kwa damu. Anamupeza ali gone m'ngalande pa mtsetse wa kudamu, mutu utang'ambika kunkhongo, njinga palibe. Amene anamupeza anali Duncan. Ndipo Duncan yemweyo, anthu onse akumva, anali atamuuza kuti, "Njinga imeneyo suikwera Loweruka."

"Akuti Mfundo akangotsirizika, mlandu ukhala wakupha," anatero Zelesi. "Mwana wanga akaolera kundende, ababa."

A Fabiano anatsokomola, nalavula, napala dothi la pakhasu ndi chala cha kuphazi. Kenako anapita kukatulutsa njinga yawo yakuda, yomwe anabwera nayo ku Joni, chinthu chokhacho chimene dziko limenelo silinawanamize.

*

Kupolisi, Sajeni Eliness, mayi wamfupi wa maso otopa, anawalola kuonana ndi mdzukulu wawo pakhonde, iye ataima chapafupi. Duncan anali ndi malaya omwe aja, magazi atauma paphewa.

"Unamumenya?" anafunsa a Fabiano.

"Agogo, nanunso?"

"Ine ndiye woyamba. Yankha."

"Sindinamumenye. Ndinamunyamula. Magaziwa ndi omunyamula."

"Nanga pakamwa pakopo panatuluka chiyani?"

Duncan anayang'ana pansi. "Ndinapsa mtima. Aliyense akudziwa kuti pachitunda Mfundo amaona msana wanga. Koma a Maynard anati njinga apatsidwe iyeyo."

A Maynard anali tcheyamani wa kalabuyo, mwini golosale ku Mlangeni, amenenso ankapikula mbatatesi m'midzi.

"Anati chifukwa chake n'chiyani?"

"Sananene. Anangoti nkhani yatha."

"Fotokoza za dzulo. Usakometse."

"A Maynard anatsogola pa njinga yamoto ndi ndowa ya laimu, kulemba mivi pamsewu kuti tisasochere. Ife tinanyamuka pambuyo. Pokwera tinatsala awiri, ine ndi Mfundo, enawo tinawasiya kutali. Pamwamba tcheni changa chinachoka. Mmene ndimachibwezera, iye analowa m'chifunga. Nditatsika mtsetse ndinangoona miyendo m'ngalande."

"Unakumana ndi ndani?"

"Palibe, agogo. Ngakhale mbuzi."

"Mwamva nokha, bambo," anatero Sajeni. "Anali awiri. Wina wagona kuchipatala, wina ali ndi magazi. Njingayo mwina anaibisa m'nkhalango ya mapaini, mwina anapatsira mnzake. Inenso sindikondwa kusunga mwana wa eni ake. Ndipatseni munthu wachitatu, ndimutsekulira."

A Fabiano anamuyang'ana mdzukulu wawoyo kwa nthawi. Anali mwana wamwano, wosavula chipewa polankhula ndi akulu, woti akakwera njinga saona munthu. Chaka chatha anadutsa pamaliro cha ku Nzama akupalasa, mutu uli pahandulo, mpaka iwo anachita kukapepesa ndi nkhuku. Wamwano, inde. Koma mwano ndi kupha ndi zinthu ziwiri, ngakhale nthawi zina zimamwa chitsime chimodzi.

Anadzuka osatsanzika.

*

Kuchipatala Mfundo anali chigonere, maso otseka, akupuma pang'onopang'ono ngati khanda. Mayi ake anakhala pansi pafupi ndi bedi. Ataona a Fabiano sanasunthe, sanapereke moni.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya mdzukulu wanu?" anatero a Sellina.

"Ndabwera kudzaona mwana wanu, mayi."

"Muoneni. Mwana wosayankha munthu mwano chibadwire. Wa kwaya ku Nzama. Akakumana ndi nkhalamba panjira amatsika njinga n'kuilandira mtolo. Analakwira ndani? Ndiuzeni, poti inu mwayenda maiko."

A Fabiano anawerama pafupi ndi bedi. Maso awo anali pa manja a mnyamatayo. Aliyense amene anagwapo panjinga pamtsetse amadziwa malo amene msewu umadya: zikhatho, zigongono, mawondo. Zikhatho za Mfundo zinali zosalala ngati za wansembe. Mawondo ake analibe ngakhale kachilonda.

Pansi pa bedi panali jumbo ya zovala zake, ndipo pamwamba pa jumboyo panali chisoti chopalasira njinga, choyera, cha mizere yofiira.

"Ichi anali atavala?"

"Anachitola pambali pake. Kapena mukufuna muchitengenso?"

Anachinyamula, nachitembenuza. Panalibe mng'alu. Panalibe pokalika. Mkati munalibe dontho la magazi. Lamba wake sanaduke. Anali womasulidwa bwinobwino, ngati mmene munthu amamasulira akafika pakhomo.

Anachibwezera pamalo pake mosamala ngati dzira. Munthu wamenyedwa kunkhongo, pomwe chisoti chimaphimba, koma chisoticho sichikudziwa kanthu. Ndiye kuti Mfundo anaima yekha. Anatsika yekha. Anavula chisoti ndi manja ake, pakati pa mtsetse, m'chifunga, mnzake wopikisana naye akubwera kumbuyo.

Ankavulira ndani?

*

M'mawa mwake a Fabiano anakwera chitunda chija akukankha njinga, akupumira pa mwala uliwonse waukulu. Chifuwa chinkalira ngati mvukuto wobooka. Ankatukwana chamumtima anthu amene amakwera phiri pa njinga popanda katundu, popanda kokagulitsa kanthu, popanda wodwala wokamuona, n'kumati ndi masewera.

Pamwamba dziko linatseguka. Udzu wofiirira unkagwada ndi mphepo. Mathanthwe akuda anali ngati ng'ombe zogona, ndipo timinda ta mbatatesi tinakangamira m'mbali mwa zigwa. Kumunsi damu linali phee, lotuwa ngati lata. Pansi pa madzi amenewo panali dambo lomwe iwo ankadyetsako ng'ombe za malume awo ali mwana. Tsopano anthu a m'tauni ankabwera kudzajambulitsa n'kumati kukongola. Malo amakongola kwa munthu amene sanalimepo.

Mivi ya laimu inali ikuonekabe pamsewu. Kumtunda inali yonenepa, yolembedwa modekha, mutu ndi mchira womwe. Anatsika nayo mpaka pokhota pomwe panali thanthwe lalikulu m'mbali mwa msewu, pomwe udzu wa m'ngalande unali wopondedwapondedwa. Kuyambira pamenepo kupita kumunsi mivi inasintha. Inali yongomwaza, ina yopanda mutu, ngati wolembayo ankathawa mvula.

Pageti la damu anapeza Steve, mlonda, akuwotha moto wa zitsononkho.

"Eee, a Joni! Mwatsika ndi mabuleki kapena ndi mapemphero?"

"Dzana m'mawa unali pano, kapena unali kokamwa?"

"Ine, madala, ndimamwera pantchito pomwe, kuti ndisajombe."

"Unaona chiyani?"

"M'chifunga maso amakhala pa holide, ntchito amagwira ndi makutu. Njinga yamoto ya a tcheyamani ndimaidziwa, imatsokomola ngati inuyo. Ndinaimva ikutsika kuchokera pamwamba, pho, pho, pho. Kenako zii. Ndinati eya, mafuta atha, lero bwana akankha. Ndinaotcha chimanga, ndinadya, ndinaponya chitsononkho pamoto. Ndiye inayambanso, n'kudutsa pano ngati yathamangitsidwa ndi njuchi. Ngakhale moni, munthu woti masiku onse amandisiyira ndudu."

"Unawauza apolisi?"

"Anandifunsa ngati ndinaona munthu ali ndi njinga yoyera. Sindinaone. Za makutu sanafunse."

A Fabiano sanasonyeze kanthu pankhope. Mawu a chidakwa ali ngati mlatho wa mitengo: umaponda kaye ndi phazi limodzi. Ndiponso munthu akhoza kuzimitsa njinga kuti akataye madzi kuseri kwa thanthwe. Kutaya madzi si mlandu.

Atagwira handulo kuti azipita, Steve anaseka yekha.

"Koma ngati mukufuna zoseketsa, madala, kafunseni a Salome ogulitsa mbatatesi aja. M'mawa womwewo anakalira maliro kwa a Sungani, mwini wake ali moyo, akumwa phala pakhonde!"

A Fabiano anaimika njinga.

"Wati analira chiyani?"

*

A Salome anali pamalo awo a masiku onse, m'mphepete mwa msewu, zidebe za mbatatesi atazisanja pathanthwe. Anali mayi wamasiye wa mawu akulu, koma tsiku limenelo ankalankhula motsitsa.

"Ngati mwabwera kudzandiseka, a Ngozo, yambani mwagula chidebe."

"Sindiseka ine. Ndinaiwala kasekedwe."

A Salome anawayang'ana m'maso, naona kuti n'zoona. Anakoka mpweya.

"Ndimatsika kanjira ka m'phirimu, dengu lili pamutu. Chifunga chinang'ambika pang'ono, ndikuona pamsewu masamba, atawayala bwinobwino kuchokera mbali iyi kukafika mbali iyo. Pafupi pamenepo mudzi ndi umodzi wokha, ndipo a Sungani akhala akudwala kuyambira nthawi yokolola. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Ndinatula dengu, ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinadulira m'minda, ndikulowa m'mudzi ndikulira. Osati kulira kwa masewera, a Ngozo, kulira kwenikweni, munthu uja anandiimira pa ukwati wanga. Ndikufika, gogoyo ali pakhonde, supuni ili kukamwa, akundiyang'ana! Ana ake ananditulutsa ndi mithiko. Akuti ndine mfiti, ndabwera kudzawaitanira imfa."

"Kenako?"

"Ndikubwerera pamsewu, masamba palibe. Pali anthu, akunyamula mwana wa a Sellina. Ndikanauza ndani? Akanati mfiti ija yaonanso zake. Mpaka ndinayamba kudzikayikira ndekha, kuti mwina mutuwu wayamba."

"Masambawo anali pati?"

"Kumtunda kwa thanthwe lija pang'ono."

"Nanga achiwiri?"

A Salome anatembenuka. Anayang'ana kumtunda kwa msewu ngati akuuonanso m'chifunga.

"Achiwiri... Ayi. Kumunsi msewu unali woyera. Ndinauona mpaka pamlatho." Anagwira pachifuwa. "Mayo ine. Bwanji sindinaganize?"

Mwana aliyense wa kuno amadziwa. Pamudzi pakagwa zovuta, masamba amayalidwa pamsewu kawiri, kumtunda ndi kumunsi, kuti wochokera kulikonse adziwe kuti pano pali misozi. Galimoto imachepetsa liwiro. Wanjinga amatsika n'kuyenda pansi, mwamuna amavula chipewa, mpaka atadutsa masamba achiwiri. Masamba a mbali imodzi si a maliro. Woyala masamba amenewo sankadziwitsa dziko. Ankadikira munthu mmodzi, wochokera mbali imodzi.

"Mutu wanu uli bwino, mayi," anatero a Fabiano. "Ndipimireni chidebe chaching'ono."

*

A Fabiano anabwerera pathanthwe la pa mtsetse lija. Munthu wothamanga sataya chinthu kutali, choncho sanavutike kukwera phiri. Anayang'ana m'ngalande, kuseri kwa thanthwe, m'tchire la kumunsi. Potsiriza anatsetsereka chokhala m'chigwembe, akugwira udzu, mpaka pakamwa pa kalavati wodutsa pansi pa msewu.

Zinali mmenemo, zitakankhidwira mkati: nthambi za msuku, zodulidwa ndi chikwanje, masamba ake atayamba kufota. Anakoka imodzi. Patsinde pake, pomwe munthu amagwira, panali zala zoyera, zinayi mbali iyi, chachikulu mbali inayo. Anakoka ina. Chimodzimodzi. Anakanda ndi chikhadabo, nalawa pang'ono ndi nsonga ya lilime, nalavula.

Laimu.

Anakhala pansi m'chigwembemo, nthambi ili pamiyendo. Ankayembekeza kuti mtima ukondwa, koma sunakondwe. Ku Joni anaona anthu akuberana nsapato, mabulangete, ngakhale akazi. Koma sanaonepo munthu akuba ndi maliro. Ichi chinali chinthu chokhacho chimene iwo ankaganiza kuti chikanali chilili kuno kwawo, chimene ngakhale woledzera amachiopa. Tsopano nachonso wina anachisandutsa ulimbo.

Anamangirira nthambizo pakaliyala ndi mphira. Panjira mayi wina wosenza nkhuni ataona nkhalamba itanyamula masamba, anaima n'kugwada pang'ono.

"Zovuta n'za kuti, agogo?"

"Sizinafike," anayankha a Fabiano, osatembenuka.

*

Sajeni Eliness anamvetsera zonse, chibwano chili padzanja. Anatembenuza nthambi imodzi pafupi ndi zenera.

"Laimu ali ndi anthu ambiri, bambo. Wopaka nyumba, wolemba bwalo la mpira."

"Amene anali naye pa mtsetse umenewo, m'mawa umenewo, ndi angati?"

Sajeni anadzuka. Anatsegula kabati, natulutsa malaya opalasira amene Mfundo anavala tsikulo, nawayala patebulo chakumsana. Paphewa lamanzere panali chidindo chotuwa.

"Ndinkayesa fumbi la m'ngalande," anatero pang'onopang'ono. "Koma dothi la kumeneko ndi lofiira. Wina anamugwira apa pomukokera kumbali." Anavala chipewa chake. "Tiyeni ku Mlangeni. Koma kumeneko wofunsa ndine. Inu mukangokhala."

"Ndamva," anatero a Fabiano, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti sanamve.

Golosale ya a Maynard inali m'mphepete mwa msewu waukulu, pomwe munthu akawoloka msewu wa phulawo amakhala wafika ku Mozambique. Mwini wake anali bambo wonenepa, woseka ndi mano onse, wa jekete lofiira lolembedwa dzina la kalabu kumsana.

"Sajeni! Madala! Lowani, lowani. Mumwa chiyani? Nkhani imeneyi yandidwalitsa, sindikugona. Ana amenewa ine ndimawatenga ngati obereka ndekha."

"Munatsogola ndinu tsiku lija," anatero Sajeni. "Munaima pa mtsetse?"

"Kuima kwenikweni ayi. Kungotsika, kulemba muvi, kukwera. Ntchito inali yambiri."

"Mlonda wa kudamu akuti njinga yanu inazima nthawi yaitali."

"Steve?" A Maynard anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Amene uja amamva ndi ndege zomwe zikutera m'damu."

"Pamsewu munaonapo chachilendo?"

"Msewu unali woyera, Sajeni. Chifunga basi."

A Fabiano anali atakhala pa thumba la mchere pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. Anatsokomola.

"Ndifunseko kamodzi, a tcheyamani. Wothamanga ndi Duncan. Bwanji njinga munapatsa Mfundo?"

A Maynard anapendeketsa mutu mwachifundo, ngati munthu amene akukakamizika kunena choonadi chowawa.

"Madala, musakhumudwe. Mdzukulu wanu miyendo ali nayo, koma khalidwe palibe. Tonse tikukumbukira za ku Nzama zija, mmene anadutsira pamaliro ngati kamvulumvulu. Mfundo ndi mwana woleredwa. Amene uja, ngakhale pakati pa mpikisano, akaona masamba amatsika."

Sajeni anayang'ana a Fabiano. Panja galimoto yaikulu inadutsa, mabotolo a pashelefu n'kugundana.

"Ndiye munkadziwa zimenezo posankha," anatero Sajeni.

Anatuluka, nabweranso ndi nthambi ya msuku, naiika pakauntala, tsinde lake loyera litaloza mwini sitolo. A Maynard anaiyang'ana. Kumwetulira kunatsala pankhope ngati chovala choiwalika pachingwe. Pang'onopang'ono anachotsa manja awo pakauntala, koma a Fabiano anali atawaona kale: khungu losweka ndi laimu, m'mbali mwa zikhadabo mukanali moyera.

"Mtengo ndi mtengo, Sajeni. Ine laimu ndinagwira poyera, aliyense anandiona."

"Ndiye simudandaula tikaona kuseri."

Kuseri kunali chipinda chosungira mbatatesi, matumba atasanjidwa mpaka kudenga, akudikira tsiku la msika. Mulu umodzi wa pakona unali wofunditsidwa lona, ngakhale denga silinkadontha. Sajeni anakoka lonayo, nagubuduza thumba limodzi, kenako lina. Pakati pa matumba ndi khoma panatulukira tayala lopyapyala ngati chala, ndi chitsulo choyera.

A Maynard anayang'ana kukhomo. Kunja kunali msewu, ndipo kutsidya kwa msewu kunali dziko lina.

"Tsidya lija lili pafupi, a Maynard," anatero Sajeni, ataima kale pakhomopo. "Koma ine ndili pafupi kwambiri."

Bamboyo anakhala pa thumba.

"Loweruka njingayi ikanapita kwa mwana wa m'mudzi, akaiphe ndi matumba a makala," anatero ndi mawu ang'ono. "Wogula wa ku Tete anali atapezeka. Ndinaibisa m'mapaini, ndinakaitenga ndi galimoto ya mbatatesi. Mfundo sindinafune kumupweteka kwambiri. Ndinangofuna agone pang'ono, asandione nkhope. Anali atatembenukira kumudzi, chisoti chili m'manja, akuyang'ana kuti maliro ali nyumba iti."

A Fabiano anadzuka, navala chipewa, natuluka panja. Sankafuna kupuma mpweya umodzi ndi munthu ameneyo. Mpweya wawo unali wochepa kale.

*

Duncan anamutulutsa tsiku lotsatira dzuwa litakwera. A Fabiano anati asadzere njira yachidule. Adzere kudamu, kuti akawauze a Sellina ndi pakamwa pawo amene anavulaza mwana wawo, ndiponso kuti a Salome akamve kuti si mfiti. Duncan ndiye ankapalasa njinga yakuda ija, agogo ake atakhala pakaliyala, miyendo ili lendelende.

Anakwera chitunda. Mnyamatayo anali ndi miyendo ndithu. Sanatsike ngakhale pomwe iwo anapumira kangapo. Pamwamba chifunga chinali chitachoka, ndipo damu linkanyezimira kumunsi ngati silinamvepo kanthu.

"Agogo."

"Ee."

"Ndiye kuti akanandipatsa ine njinga ija, ndikanangodutsa pamasambapo."

"Ukanadutsa."

"Ndiye chimene chinandipulumutsa ndi chomwe chija munakapepesera ndi nkhuku?"

A Fabiano anayang'ana udzu ukuthawira kumbuyo. Yankho linalipo, ndipo linali lowawa. Ku mgodi amene ankamvera ndiwo ankayamba kulowa pansi pa mwala. Moyo wawo wonse anaona aulemu akupondedwa, amwano akunenepa. Zimenezi akanatha kumuuza mwanayo, ndipo sakananama ngakhale liwu limodzi. Koma anaona kuti akanena, chinthu china chimene a Maynard anachiyamba pathanthwe paja chikanatsirizidwa ndi iwo.

"Palasa," anatero. "Ukulankhula kwambiri."

Anatsika mtsetse, nadutsa thanthwe lija, nadutsa geti pomwe Steve anawaimikira dzanja, nawoloka mlatho. Msewu unazungulira madzi n'kuyamba kukwera pang'ono kulowera kumudzi kwa a Sellina.

Atangokhota, a Fabiano anamva msana wa mnyamatayo ukuuma. Mapedulo anasiya kuzungulira. Anasuzumira kumbali.

Pamsewu panali masamba, aawisi, oyalidwa kuchokera mbali iyi kukafika mbali iyo.

Njinga inkapitabe yokha ndi liwiro lake. A Fabiano anatukula mutu. Maso awo anadumpha masambawo n'kuthamangira kutsogolo, kudutsa nyumba zoyamba, kudutsa mtengo wa pichesi wa pakhomo pa a Sellina pomwe azibambo anali atakhala pansi, kufunafuna, akupempha chamumtima kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri kuti apezenso bodza.

Masamba achiwiri analipo, kumtunda kwa mudzi.

Mabuleki analira. Duncan anaponda pansi, nadikira kuti agogo ake atsike, natsika nayenso. Anavula chipewa popanda womuuza, nachipinda m'dzanja. 

"Akandithamangitsa, agogo?"

"Akakuthamangitsa, tikakhala panja pa mpanda. Koma tikakhala."

Anadutsa pamasambapo wapansi, njinga ili pakati pawo, kulowera komwe kunkachokera kulira.